Ndege Ziŵiri za M'mwezi wa Ogasiti 1945

Ana a sukulu a ku Kameza amaimirira n'kuyang'ana kumwamba ndege ikamatsikira ku Chileka, ndipo ambiri a iwo amalakalaka kudzaiyendetsa akadzakula. Khumbo limeneli n'labwino. Koma tikupempha aphunzitsi kuti pofotokozera anaŵa za ndege, asasiye mbiri ya ndege ziŵiri za Amereka zimene zinauluka m'mwezi wa Ogasiti 1945.

Yoyamba inali Enola Gay, ya mtundu wa B-29, imene inanyamuka pa chilumba cha Tinian pa 6 Ogasiti kusanache, itanyamula amuna 12. Woyendetsa wake, Paul Tibbets, wa zaka 30, anaitcha dzina la amayi ake. Nthaŵi itakwana 8:15 m'maŵa anaponya bomba limodzi lokha la atomiki pa mzinda wa Hiroshima, ndipo pofika kumapeto kwa chakacho anthu pafupifupi 140,000 anali atamwalira. Patapita masiku atatu, ndege yotchedwa Bockscar, yoyendetsedwa ndi Charles Sweeney, inalunjika ku mzinda wa Kokura. Itaupeza utaphimbika ndi mitambo ndi utsi, inapotolokera ku Nagasaki, kumene anthu pafupifupi 70,000 anatha.

Amunaŵa sanaone nkhope ya munthu ndi mmodzi yemwe mwa amene anawapha. Aliyense anangogwira mbali yake: wina kuŵerenga mapu, wina kusamala injini, wina kuloza pofunika kuponya. Tibbets anamwalira mu 2007 akunenetsabe kuti bombalo linafupikitsa nkhondo. Claude Eatherly, amene ndege yake inatsogola kukaona nyengo ku Hiroshima, anavutika mumtima zaka zambiri.

Nkhaniyi si ya kutali ndi ife. Asilikali a ku Nyasaland a m'gulu la King's African Rifles anamenyana ndi Ajapani m'nkhalango za ku Burma mu 1944, ndipo Japan itagonja pa 15 Ogasiti 1945, njira yobwerera kwawo inatseguka. Sitikunyoza chimwemwe cha mabanja amene analandira ana awo amoyo. Komabe tikumbuke kuti ambiri mwa amene anapsa m'mizinda iŵiri ija sanali asilikali, ndipo ena anali ana a sukulu. Tikumbukenso kuti yuraniyamu wambiri wa ntchito yopanga mabombawo anakumbidwa ku Shinkolobwe ku Congo, ndi manja a Aafirika amene sanauzidwe kumene miyalayo inkapita. Ifenso mwala umenewu tili nawo, ndipo mgodi wa Kayelekera ku Karonga unayamba kuutulutsa mu 2009.

N'chifukwa chake tikuyamikira kuti m'chaka cha 2022 Malaŵi anavomereza pangano la United Nations loletsa zida za nyukiliya. Koma pangano losungidwa mu ofesi silingaphunzitse mwana. Akuluakulu a boma oyang'anira migodi ayenera kudziŵa amene akugula chuma chathu cha m'nthaka ndi ntchito imene akukachigwiritsa. Aphunzitsi a ku Ndirande, Chilomoni, Machinjiri ndi kwina konse ayenera kuphunzitsa ana kuti luso ndi kumvera n'zofunika, koma munthu wophunzira amafunsanso kuti ntchito ya manja ake idzagwera yani.

Makolo athu anati nkhondo simanga mudzi. Mwana wa ku Kameza amene adzayendetsa ndege akule akudziŵa zimenezi.