SUSTAINABLY: LIWU LIMENE AMALOZA NALO IFE TOKHA

Anzanga a kunyanja, a ku Msaka, Chembe, Malembo, Senga Bay, Nkhotakota, ndi inu muli ku Joni mukuwerenga uku mukulakalaka usipa wofutsa, ndabweranso. Uthengawu ndi wautali, werengani mpaka pansi musanayankhe.

Lero ndili ndi mlandu ndi liwu limodzi la Chingerezi: sustainably. Lili pa matisheti, pa zikwangwani za kudoko, pa wailesi, m'kamwa mwa aliyense wotsika galimoto yoyera. Liwulo lilibe vuto. Vuto ndi mmene akuligwiritsira ntchito, ndiponso mmene ife tikulimezera osatafuna.

Tiyambire ku sukulu pang'ono. Liwuli ndi muonjezi. Ka -ly kakumapetoko kakugwira ntchito ya mo- wathu uja wa mofulumira, mosamala. Muonjezi sayima yekha, amatsamira pa mneni, kutiuza mmene ntchito ikuchitikira. Tsinde lake ndi sustain, kutanthauza kuchirikiza, kugwira chinthu chapansi kuti chisagwe. Ndiye kuchita chinthu sustainably ndi kuchichita lero m'njira yoti mawa uchitenso, chaka chamawa uchitenso, mwana wako adzachitenso. Liwuli lidafala kwambiri kuyambira mu 1987, pamene komiti ya United Nations yotsogozedwa ndi mayi Gro Harlem Brundtland a ku Norway idatulutsa lipoti lake la chitukuko. Mu 2015 maiko adagwirizana zolinga 17, ndipo cha nambala 14, cha zamoyo za m'madzi, liwuli lilimo.

Womasulira pamsonkhano amangoti "mokhazikika". Apa ndi pamene pamayambira chisokonezo. Kukhazikika ndi kukhala pansi osasuntha, monga mwala wa pa Mbenji. Azungu ali ndi liwu lina la zimenezo, permanently. Awiriwa si mapasa ayi. Ine ntchito yanga ndi injini za maboti, ndipo palibe injini imene munthu angaikonze permanently. Wokuuzani zimenezo wakuberani. Yamaha imakhalitsa chifukwa mwini wake amasakaniza oyilo ndi petulo pa muyeso wake, amasintha oyilo wa m'giya, amayang'ana ngati ikukodza madzi, impela ikatha amasintha osadikira kuti injini itenthe. Kukhalitsa kwake ndi ntchito ya tsiku ndi tsiku. Ukasiya sabata zingapo, wapha injini. Nyanja nayo ndi chimodzimodzi. Agogo athu sakadati "mokhazikika". Akadati osadya mbewu. Basi, tanthauzo lonse ndi limenelo.

Tsopano mlandu woyamba. Muonjezi amatsamira pa mneni, ndipo mneni ali ndi mwini wake. Tamverani bwino pamisonkhano ija, liwuli amalimata pa mneni uti? Nthawi zonse ndi "wedzani sustainably". Wouzidwa ndi wa bwato, wa matchera, mlovi wa chilimira amene wagona panyanja mwera ukumenya. Ndani adamvapo kuti "perekani ziphaso sustainably"? Ndani adamvapo kuti "gulani sustainably"? Kasawala sadziyendera yekha kupita ku Limbe kapena ku Lilongwe. Pali wogula, pali galimoto, pali zipata za pamsewu zimene wadutsa, pali bwana amene wamudya ndi nsima masana, madzulo n'kudzatiphunzitsa kusamala nyanja. Lamulo limaletsa maboti akuluakulu okoka ukonde pansi kulowa m'madzi osaya pafupi ndi gombe. Koma ndani wa kudoko sadamvepo kulira kwa injini zawo usiku pamalo pamene sakuyenera kukhala? Ukonde wa mwana wamasiye amauwotcha anthu akuonerera. Wa bwana tidauonapo liti ukuyaka? Liwu likamaluma osauka okha lasanduka chikwapu.

Mlandu wachiwiri. Liwuli lili ndi manambala mkati mwake, koma amatipatsa chikhungwa chokha. Kuti unene kuti ukuwedza sustainably uyenera kuyankha: nsomba zingati, za msinkhu wanji, mwezi uti, maso a ukonde akulu bwanji, maboti angati pamalo amodzi. Chambo si usipa. Chachimuna chimakumba chisa pamchenga m'madzi osaya, chachikazi chimasunga mazira ndi ana m'kamwa mpaka atakhwima. Ukakoka khoka pamenepo mu Novembala, wapha mayi, ana, ndipo wafafaniza chisa. Ichi ndi chifukwa chake nyanja amaitseka kwa makoka kuyambira pa 1 Novembala. Kufotokoza kotere munthu amamva, chifukwa adaonapo tiana tikutuluka m'kamwa mwa chambo chili m'bwato. Koma kungofuula sustainably popanda nambala, popanda mwezi, ndi chimodzimodzi ine kuuza mwini boti kuti "muziisamala injini" osamuuza muyeso wa oyilo. Abweranso mawa itagwira pisitoni.

Mlandu wachitatu, ndipo uwu ndiye umandiwawa. Liwu lonena za kukhalitsa likutuluka m'kamwa mwa zinthu zosakhalitsa. Pulojekiti ya zaka zitatu ibwera ndi matisheti, alawansi, chikwangwani. Ndalama zikatha galimoto ipita, komiti imwazikana, chikwangwani chichita dzimbiri. Ibwera ina ndi dzina latsopano, liwu lomwe lija. Makomiti a kudoko, ma BVC, adayambira ku Malombe ndi kumtunda kwa Shire mu 1993, chambo cha ku Malombe chitatha kale, asodzi atatembenukira ku kambuzi ndi nkacha. Lamulo la zausodzi la 1997 lidatsegula khomo loti anthu a kumudzi azitenga nawo mbali poyang'anira nsomba. Papepala n'zabwino. Koma komiti yopanda boti, yopanda mafuta, yopanda mphamvu pamaso pa munthu wandalama, ichirikiza chiyani? Komanso wina andiuze, mlovi amene chakudya chake ndi cha tsiku lomwelo, nyanja ikatsekedwa adye chiyani miyezi ya njala? Ndondomeko imene ikusunga chambo koma yaiwala m'mimba mwa msodzi siingakhalitse, chifukwa njala imapita kunyanja usiku.

Tsono taonani Mbenji, ku Salima. Kuyambira m'zaka za m'ma 1950, ufumu wa Makanjira wa kumeneko umatseka chilumba chija mu Disembala n'kutsegula mu Epulo. Pali mwambo wotseka, pali mwambo wotsegula, pali malamulo a pachilumba, ndipo wophwanya amalipitsidwa kapena kuthamangitsidwa. Utaka wa pa Mbenji mbiri yake mukuidziwa nokha. Anthu aja adayamba zimenezi lipoti la 1987 lisanalembedwe, liwu la Chingerezili lisanafike kudoko lililonse. Chinsinsi chawo si chizungu. Lamulo ndi lawo, aliyense amadziwa tsiku, ndipo limagwira aliyense. Amene adachita sustainably zaka zoposa 60 ndi amenewa, koma pamsonkhano wa kuhotela amakhala kumbuyo kudikira womasulira.

Koma aise, musathamangire kuwomba m'manja. Pali anzathu ena akuti poti liwuli ndi la azungu ndiye nkhani yonse ndi bodza, nsomba ndi za Mulungu sizingathe. Mxii. Kafunseni akuluakulu a ku Malombe ngati chambo sichitha. Kafunseni bambo anu kuti kale ankapalasa mtunda wautali bwanji kuti adzaze bwato, ndipo lero mukuwotcha malita angati kufuna usipa womwewo. Ine ndimaona kuntchito, injini zikutha msanga chifukwa maulendo atalika. Neti ya udzudzu imene adapereka kuchipatala kuti mwana asadwale malungo, wina wasoka n'kukokera tiana ta nsomba m'mabango. Ameneyo sakulimbana ndi boma kapena azungu. Akudya mbewu ya mng'ono wake. Kukwiya ndi olankhula liwu molakwika sikutipatsa chilolezo chopha nyanja. Madzi akatayika saoleka.

Ndiye pempho langa ndi ili. Tisathawe misonkhano, ndipo tisapiteko chifukwa cha fanta ndi alawansi. Wina akangoti sustainably, kwezani dzanja mwaulemu mufunse mafunso atatu. Bwana, mneni wake ndi uti, ndipo kupatula ife, ndani winanso akuyenera kusintha? Nambala yake ndi iti, mwezi uti, ukonde wa maso otani? Inu mukapita, chitsale m'manja mwa ndani, ndi mphamvu zanji? Akayankha bwino, tigwire naye ntchito ndi mtima wonse, ngakhale zitanthauze kupachika khoka miyezi ingapo. Akayamba kuzungulira, mwadziwa kuti wabwera kudzajambula zithunzi.

Ndipo womasulira akati "mokhazikika", mukonzeni pomwepo. Muuzeni anene kuti osadya mbewu, agogo a kumbuyo aja amve nawo, chifukwa iwo ndiye adzatiuze ngati zikunenedwazo zili zoona.

Tumizani ku gulu la kudoko kwanu. Wotsutsa abwere ndi mfundo, ndili pompano.