CHENJEZO: Kabokosi Kakayamba Kulira, Musathamangire Kuzula Disiki

Uthengawu ukupita kwa inu nonse a muno mu Livingstone amene muli ndi kabokosi kosungira mafayilo kunyumba kapena kuntchito, kaja kamakhala pafupi ndi rauta, ka Synology, QNAP kapena WD My Cloud, kamene amisiri amakatcha NAS. Eni malo ogona alendo, ojambula maukwati ku Maramba ndi ku Dambwa, anyamata amene mumajambula alendo akamalumpha pa mlatho wa Victoria Falls, alembi a mipingo, ndi inu amene munangosungamo zithunzi za ana: tsiku limene kabokosiko kadzayambe kulira, nyali imodzi itasanduka yachikasu, musadzagwire disiki ina iliyonse musanakopere zinthu zanu pena. Ngozi yaikulu ili pa maola okonza.

Ndikunena zimene ndinaona kwa alamu anga, amene amadyera kamera. Kabokosi kawo n'ka madisiki anayi, kamakhala pa shelefu m'chipinda cha malata chopanda siling'i. Kanalira milungu itatu. Iwo anapeza pozimitsira kulirako, nyali ija anaimata ndi selotepi kuti isawasowetse tulo, n'kumathiramobe mavidiyo a maukwati, poti mafayilo onse ankatseguka bwinobwino. Disiki yatsopano itafika pa basi kuchokera ku Lusaka, anaima kutsogolo kwa kabokosi kali chiyakire. Pakompyuta panalembedwa kuti yafa ndi nambala 3. Iwo anawerenga kuyambira kudzanja lamanja, pamene kabokosi kawo kamawerenga kuyambira kumanzere.

"Alamu, tabwerani msanga, kakuti zonse zapita."

Ndinawapeza atakhala pansi, disiki yamoyo ili m'manja, ikadali yofunda. Mwayi wawo unali wakuti sanadinenso kalikonse. Tinazimitsa, tinabwezera disikiyo pamalo pake, ndipo katswiri wina anatha masiku atatu akulumikiza zidutswa. Zambiri zinabwerera. Koma vidiyo ya ukwati umodzi inabwera yodukaduka, chithunzi kumaima mawu akupitirira, pomwe khadi la m'kamera anali atalifufuta kalekale. Anavala jekete n'kupita okha kukauza makolo a mkwatibwi. Ndalama anabweza, koma sabata yonseyo nsima sinkawalowa.

Chimene chimapusitsa anthu n'chakuti kabokosika kanapangidwa kuti kazigwirabe ntchito disiki imodzi itafa. Ngati muli madisiki awiri, nthawi zambiri amakhala pa RAID 1, ndiye kuti zonse zimalembedwa kawiri, uku ndi uku. Akakhala atatu kapena anayi amakonda kukhala pa RAID 5, kapena SHR kwa a Synology: fayilo imagawidwa m'zidutswa n'kumwazidwa pa madisiki onse, pamodzi ndi masamu othandiza kuwerengetsera chidutswa chimene chasowa. Imodzi ikafa, otsalawo amakwirira mpatawo mwakachetechete. Inu mumaona mafayilo akutseguka, n'kumati kabokosi kangovuta chabe. Lowani muone: mupeza mawu akuti Degraded. Pamenepo muli ngati minibasi imene yamanga kale sipeya, ulendo wa ku Sesheke ukadali kutali. Tayala lina likaphulika, palibenso chomanga.

Ndipo tayala linalo limakonda kuphulika nthawi yokonza. Mukalowetsa disiki yatsopano n'kudina Repair, kabokosi kamayamba kuwerenga madisiki otsala aja mosapuma, mpaka m'makona amene sanakhudzidwe kwa zaka, kuti kamange yatsopanoyo. Disiki ya 4TB, zitayenda bwino chotani, imafuna maola 7 kapena 8, ndipo kawirikawiri ntchitoyo imagona usiku wonse n'kufika mawa lake. Zikuluzikulu zimatha masiku. Tsono kumbukirani kuti madisiki anuwo munawagula tsiku limodzi, sitolo imodzi, ndipo akhala akuzungulira limodzi m'kutentha komweko. Chaka chimodzi chili ndi maola 8,760. Kabokosi kamene kakhala koyaka zaka 5 kadutsa maola 43,000. Imene yafayo yangotsogola, anzake msinkhu ndi womwewo. Opanga madisiki wamba amalemba okha kuti pa ma terabyte pafupifupi 12 owerengedwa pakhoza kupezeka kachidutswa kamodzi kokana kuwerengeka. Pa kabokosi ka madisiki anayi a 4TB kodzaza bwino, kumanga yatsopano kumafuna kuwerenga pafupifupi 12TB yomweyo. Nthawi zambiri zimadutsa bwino, inde, koma ine sindingaikepo zithunzi za malemu mayi anga pa mawu akuti nthawi zambiri.

Choncho ntchito yoyamba ndi kukopera. Lekani kuthiramo zatsopano. Pezani disiki ya kunja ya USB, ngakhale yobwereka, muyambe ndi zimene simungazipezenso kwina kulikonse: zithunzi za banja, ntchito za makasitomala zimene simunapereke, mabuku a ndalama amene a ZRA angadzawafune, mapepala a nyumba. Mafilimu ndi nyimbo zotsitsa pa intaneti zidikire kumapeto. Kukopera nakonso kumalemetsa madisiki, koma chilichonse chimene chatuluka chapulumuka. Mukamaliza, tengani disiki ya kunjayo mukatsegule mafayilo angapo pa kompyuta ina, muone ndi maso kuti alimodi.

Kenako dziwani bwino imene yafa. Musadalire nyali kapena kuwerenga ndi chala. Lowani m'kabokosi kudzera pa kompyuta (a Synology pitani pa Storage Manager), mupeze serial number ya disiki yodwalayo, muilembe papepala. Muli pomwepo onaninso thanzi la otsalawo pa S.M.A.R.T., makamaka mizere ya Reallocated Sectors ndi Pending Sectors. Mukapeza kuti disiki yachiwiri nayonso ili ndi manambala pamenepo, makamaka ngati akukwera tsiku ndi tsiku, imani. Musayambe kumanga, itanani munthu wodziwa. Ngati otsalawo ali bwino, zimitsani kabokosi m'njira yake, sololani disiki, mufananize nambala ya pa chikwangwani chake ndi ya papepala, chilembo ndi chilembo. Tibokosi tina timalola kusintha disiki tili toyaka, tina totsika mtengo sitilola. Kuzimitsa kumangokudyerani mphindi zisanu, ndipo mukasolola yolakwika kabokosi kali kozima mumangoibwezera popanda chovuta.

Pali misampha iwiri imene imakola anthu ochenjera ndithu. Disiki imene mukulowetsayo idzafufutidwa yonse, ndiye musatenge ija munasungapo zinthu kale poganiza kuti zikaphatikizana. Komanso musachotse madisiki a m'kabokosi n'kukawalumikiza pa kompyuta ya Windows kuti muone zili m'kati. Windows sadziwa kalembedwe ka madisiki amenewa, ndipo adzakufunsani ngati mukufuna Initialize kapena Format. Mukavomera, mwadzikumbira dzenje nokha. Ngati mwapereka kabokosi kwa mnyamata wokonza makompyuta m'tauni, mufunseni kaye ngati anagwirapo RAID. Akayamba kuzungulira poyankha, nyamulani katundu wanu mwaulemu.

Tsopano za magetsi, pakuti kwa ife kuno nkhani yagona pamenepa. Siteshoni ya Victoria Falls ili pakhomo pathu ndipo imapanga 108 MW, koma mphamvuyo imalowa m'nthambo za dziko lonse, ndipo dziko limadalira kwambiri Kariba. Tonse tikukumbukira 2024. Pa 29 Febuluwale Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti chilala chasanduka ngozi ya dziko, madzi ku Kariba anatsika, ndipo pofika Seputembala madera ambiri ankakhala maola mpaka 21 patsiku opanda malaiti. Kuzima ndi kuyaka kotereku kumakalambitsa madisiki, chifukwa disiki yotopa imakonda kufa pa nthawi yodzuka, pamene injini yake yaing'ono ikuyamba kuzungulira. Magetsi akathima m'kati mwa ntchito yomanga, tibokosi tambiri timapitiriza pamene tinalekera, koma zimene zinkalembedwa pa mphindi imeneyo zikhoza kusokonekera, ndipo disiki yokalamba ija mwaipatsanso mpata wina wokana kudzuka. Musadine Repair musanatsimikize kuti muli ndi magetsi osaduka a tsiku lathunthu. Ngati kwanu kulibe, nyamulani kabokosi kali kozima, mukakakonzere kwa mnzanu amene ali ndi sola ndi mabatire okwanira. Jenereta yokha siyokwanira, chifukwa pakati pa kuthima kwa magetsi ndi kulira kwa jenereta pali mdima wa kanthawi. Pamafunika UPS pakati, yolumikizidwa ndi nthambo ya USB kuti iuze kabokosi kadzizimitse mwadongosolo batire isanathe. Ndipo iyeseni UPS yanuyo lero, chifukwa mabatire ake amafooka msanga kumalo otentha ngati kuno, ndipo zambiri zimene zili pansi pa matebulo zinafa kale eni ake osadziwa.

Kutentha nakonso musakuderere. Mu Okutobala kunja kumapitirira madigiri 35, ndiye ganizirani m'kati mwa kabati yotseka, pansi pa malata, madisiki anayi akugwira ntchito usiku wonse. Tulutsani kabokosi poyera, pukutani fumbi limene latseka fani yakumbuyo, kayikeni pansi pozizira posafika dzuwa. Mvula yoyamba ya Novembala ikayamba ndi ziphaliwali zake, dikirani kuti kunja kuchite bata.

Pogula disiki yatsopano, kukula kwake kufanane ndi yakufayo kapena kupose. Yocheperapo kabokosi kadzaikana. Koma kukula si zonse. Mu 2020 zinadziwika kuti Western Digital inkagulitsa madisiki ena a WD Red, a 2TB mpaka 6TB, olembedwa m'njira yotchedwa SMR, imene imasanjikiza mizere ngati malata a padenga kotero kuti kusintha mzere umodzi kumakakamiza kulembanso oyandikana nawo. Madisiki otere amachedwa koopsa pomanga RAID, ena mpaka kabokosi kamawataya ngati akufa ntchito ili pakati. Anthu atadandaula, kampaniyo inapatula a mtundu wa CMR n'kuwatcha WD Red Plus. Funsani CMR, kaya ndi Red Plus kaya ndi IronWolf ya Seagate, ndipo wogulitsa akati zonse n'chimodzimodzi, musamumvere.

Chenjeraninso ndi disiki yotsika mtengo modabwitsa. Kumayambiriro kwa 2025 atolankhani a Heise ku Germany anaulula kuti madisiki a Seagate ogwiritsidwa kale ntchito kwa maola zikwizikwi ankagulitsidwa m'maiko ambiri ngati atsopano, achinyengo atafufuta kawerengedwe ka maola. Chikomekome cha nkuyu, m'kati muli nyerere. Ngati zinachitika m'masitolo a ku Ulaya, disiki yobwera m'chikwama kudzera pa Kazungula kapena yotumizidwa pa basi popanda lisiti tingaikhulupirire bwanji? Tengani serial number yake muifufuze pa tsamba la kampani yopanga, muone ngati chitsimikizo chake chikadalipo. Red Plus ndi IronWolf zimakhala ndi zaka 3. Zikasemphana, bwezani. Ndipo disiki imene yagwedezeka pa msewu makilomita oposa 450 kuchokera ku Lusaka, iyeseni kaye ndi S.M.A.R.T. yaitali musanaipatse ntchito.

Ntchito yomanga ikayamba, kasiyeni kabokosi. Ana asaonerepo mafilimu, inu musakoperemo kanthu, munthu asakasunthe posesa. Peresenti ikaoneka ngati yaima, musazimitse. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Zikatha bwino, disiki ya kunja ija musaibweze n'kuiwala. RAID imakutetezani ku imfa ya disiki imodzi basi. Wakuba akalowa amanyamula kabokosi konse, mphezi imawotcha onse anayi nthawi imodzi, fayilo imene mwafufuta molakwitsa imafufutika paliponse. Mu Juni 2021 anthu ambiri okhala ndi WD My Book Live anadzuka n'kupeza zonse zitafufutidwa ndi anthu olowera pa intaneti, ndipo mu Januwale 2022 pulogalamu yoipa ya DeadBolt inatseka mafayilo m'tibokosi ta QNAP n'kumafuna dipo. Khalani ndi kope lina limene silili pa nthambo iliyonse, ndipo lizigona nyumba ina, kaya kwa achemwali anu ku Libuyu, muzikalitenga kamodzi pamwezi kudzawonjezera zatsopano.

Disiki yakufayo isapite ku dzala kapena pa tebulo la zakale kumsika. Isungeni kaye m'kabati mpaka ntchito yomanga ithe, chifukwa zinthu zikavuta katswiri akhoza kuchotsamobe kanthu. Pambuyo pake kumbukirani kuti disiki imene kabokosi kaikana nthawi zambiri imawerengekabe ndi munthu waluso, ndipo ya pa RAID 1 imakhala ndi mafayilo anu onse athunthu. Inu a malo ogona alendo, mmenemo muli zithunzi za mapasipoti a anthu, ndipo lamulo la Data Protection Act la 2021 limaika udindo wosamala zimenezo pa inu. Ngati chitsimikizo chinatha, pitani nayo kwa wowotcherera zitsulo, aiboole ndi dirilo malo atatu kapena anayi mpaka kutulukira kuseri, inu mutaima pomwepo.