Kuwerenga Shakespeare Si Ukapolo

Pali anzathu ena pakati pa ife alembi amene akangomva dzina la Shakespeare amachita tsinya. Amati mlembi wachikuda wotapa nzeru kwa mzungu ameneyu ndi kapolo, ndipo n'kulakwa kuti ana athu azituluka thukuta ndi Macbeth kusekondale. Ine ndikukana, ndipo mboni yanga ndi Sol Plaatje wa ku South Africa.

Plaatje sanali munthu wogwadira azungu. Ndiye anali mlembi wamkulu woyamba wa chipani chimene lero chikutchedwa ANC, chitakhazikitsidwa mu 1912, ndipo anakafika ku London kukatsutsa lamulo la 1913 lolanda anthu akuda malo. Munthu yemweyu anamasulira The Comedy of Errors m'Chitswana, n'kulitcha Diphosho-phosho. Mu 1930, chaka chimene seweroli linasindikizidwa, anatulutsanso Mhudi, nthano yaitali ya nkhondo za Mzilikazi. Mukamawerenga zoyankhula za mafumu m'bukumo, mumachita kumva kuti mlembiyu anakhalapo pabwalo la zisudzo. Mfumu yogonja ikulira ufumu wake, kwinaku ikulosera tsoka kwa amene aigonjetsa. Komatu anthuwo ndi Amandebele ndi Abarolong, miyambi ndi ya kwawo, ndipo ngwazi ya bukulo ndi mayi wakumudzi. Kodi kapolo amalemba chotere? Mphika anabwereka, inde, koma ndiwo anathyola m'dimba mwake.

Chimene chimandiwawa ndi ichi. Chipwirikiti cha m'nthawi ya Shaka chimene chinasamutsa Mzilikazi ndicho chinasamutsanso Zwangendaba, amene anawoloka Zambezi mu 1835. M'zaka za m'ma 1870 Atonga anaukira Angoni, n'kuwagonjetsa ku Chintheche, m'boma lomwe lino la Nkhata Bay. Ndikuyankhula ndili ku Usisya, m'mphepete mwa nyanja yomweyo. Mafumu alimo m'nkhani imeneyi, mantha alimo, mwazi ulimo. Nanga inu odana ndi Shakespeare, nthano yanu ya nkhondo ya ku Chintheche ili kuti? Wakugwirani dzanja ndi iyeyo, munthu woti anamwalira mu 1616?

Stanley Onjezani Kenani anamasulira Romeo and Juliet m'Chichewa, seweroli n'kuonetsedwa mu 2016. Chichewa sichinadwale nazo. Amene akufuna kuchotsa Macbeth m'kalasi ayambe watiyalira patebulo buku lake lomwe mwana wa ku Usisya adzawerenge m'malo mwake.