Khobwe tisamunyoze, tim'patse malo kuseri kwa nyumba



Ife a kumtunda kuno kwa Tambala timakusirirani. Kuno kumazizira, moti mu June ndi July khobwe sakula n'komwe, timangodikira dzinja kuti tidzale timizere tiwiri titatu pafupi ndi khola. Inu ku Mtakataka ndi ku Golomoti muli ndi kutentha komanso dothi lamchenga, zomwe khobwe amazikonda. Koma tikatsika msewu wa Khwekhwelere kukaona abale, kuseri kwa nyumba zambiri timapeza kuli mbee, bwalo losesedwa basi.

Tikudziwa yankho lake: ndiwo zili m'nyanja. Zoona, koma pa 1 November boma limatseka usodzi wa makoka kuti chambo chiswane, ndipo usipa umakwera mtengo. Pamenepo mayi amatenga ndalama ya sopo n'kukagula masamba otsika kuno kumtunda. Ife ogulitsafe timapindula ndithu, koma ndi zamanyazi kudyera m'bale wako pa chinthu chimene akanadzilimira yekha.

Mukadzala kumayambiriro kwa October, pakatha sabata zinayi mumayamba kuthyola chitambe. Madzi si ambiri ofunika. Otsukira mbale opanda sopo, ngakhale aja timachitira wudhu amene amangotayika pansi kasanu pa tsiku, atha kusamala mizere ingapo. Feteleza musavutike naye, mizu ya khobwe imadzipezera chakudya n'kusiyanso chonde m'nthaka. Pothyola musamalize nsonga zonse, apo ayi simudzaona nyemba zake. Masamba akachuluka afutseni, mfutso wothira nsinjiro udzakupulumutsani tsiku limene mwera waletsa bwato kulowa m'madzi.

Mbewu ilipo yocha msanga monga Sudan 1 ndi IT82E-16, ndipo kumene kaufiti wavuta kuli ina yotchedwa Mkanakaufiti. Afunseni alangizi a zaulimi.

Sitikubisani, mavuto alipo. Nsabwe zimaunjikana pansonga, anankafumbwe amaboola khobwe wosungidwa mosasamala, choncho muumitseni bwino n'kumusunga ndi phulusa kapena m'thumba la PICS. Koma mdani wamkulu ndi mbuzi zathu zomwe, zimene m'chilimwe zimangoyenda tayale. Mpanda wa bango ndi ntchito yanu abambo, musawasiyire amayi. Poti makoka adzakhala ali pamtunda, nthawi yoti muzikonza pomwe mbuzi zaboola mudzakhala nayo, insha Allah.