Njinga ya Liwiro: Mau kwa Amai Ofuna Kugula Yoyamba

Amai a kuno kwathu safunika kuphunzitsidwa kupalasa njinga. Ku Chipata, kumene kale kunkapangidwa njinga za Eagle, mai amakwera citunda ali ndi thumba la cimanga pa kaliyala ndi mwana kumsana. Koma njinga ya liwiro, ya mahandulo opindikira pansi ndi matayala oonda, ili ndi khalidwe lina. Imalemera makilogalamu 9 kapena 10 cabe, pamene zakuda zija tinazizolowera zimafika pa 20, ndipo mtengo wace sulola kuti munthu agule kawiri.

Ogulitsa ena amathamangira kuonetsa mai njinga ya utoto wokongola, namuuza kuti ndiyo ya akazi. Musanyengedwe nazo, amai. Coyamba kuyesa ndi msinkhu. Imani njinga ili pakati pa miyendo: citsulo ca pamwamba cisakukhudzeni. Kenaka khalani pa cishalo, mugwire mabuleki. Ngati zala zanu zikufika mobvutikira, isiyeni, pakuti pa citsetso mudzafuna mphamvu yonse ya dzanja. Cishalo naco cikhale cotakata pang'ono, cifukwa mafupa okhalira a akazi ambiri ndi otalikirana kuposa a amuna. Matayala a mamilimita 28 kapena 32 ndiwo angapirire maenje a m'miseu yathu.

Nkhani imene imaopsa ambiri ndi ya mapedulo ogwira nsapato, ochedwa clipless. Pansi pa nsapato pamamangidwa kacitsulo kapena kapulasitiki komwe kamalowa mu pedulo ndi kukodwa, kotero kuti phazi silitereranso. Kampani ya Look ya ku France inawatulutsa mu 1984, ndipo Bernard Hinault atapambana nao mpikisano wa Tour de France mu 1985, opalasa ena anayamba kutaya malamba omangira phazi. Mu 1990 a Shimano anabweretsa mtundu wochedwa SPD, umene kacitsulo kace kamabisala mkati mwa nsapato. Kwa woyamba kumene, ife tiona kuti uwu ndiwo wabwino, popeza mungatsike ndi kuyenda pansi osaterereka.

Phazi limamasuka mukapotozera cidendene kunja. Bvuto ndi lakuti pa maloboti munthu amaiwala, njinga niima phazi likali lokodwa, ndipo amagwa cammbali ngati mtengo wodulidwa, mwina pafupi ndi minibasi. Cotero yambani ndi mapedulo wamba kwa mwezi umodzi kapena iwiri, kufikira mutazolowera magiya ndi mabuleki. Mukaika atsopanowo, masulani kasikuluwu kolimbitsa, mutsamire khoma, mulowetse ndi kuturutsa phazi kambiri-mbiri, kenaka mukayese pa bwalo la udzu. Popeza m'Zambia timayenda kumanzere, zoloweretsani phazi lamanzere kuturuka msanga musanaime, kuti thupi lipendekere kutali ndi magalimoto.

Ponena za citenje, cibvaleni mukafika kumene mupita. Cheni ya njinga yotere ilibe cochinga, ndipo imakoka nsalu iliyonse yolendewera.