MWANA AMENE ANATSIRIZA PA MPIKISANO

Ana inu a ku Kaduya mudziwa kuzizira kwa mwezi wa June, pamene ciperoni citsika ku phiri la Mulanje ndi kuphimba Michesi. Koma kumpoto kuli maiko ena kumene cisanu ciposa cathu kutari. Kumeneko madzi a m'nyanja aundana, nauma gwa ngati matalala, kotero kuti anthu ayenda pamwamba pace osamira. Dziko lina lotere ndilo Norway.

Anthu a kumeneko ali ndi masewera awa. Abvala nsapato zokhala ndi citsulo copyapyala kunsi kwace, ngati mpeni, natsetsereka naco pa madzi oundanawo, nazungulira, nalumpha. Kale, pocita mpikisano, munthu anaima ndi mwendo umodzi, nalemba ndi citsuloco cithunzi conga nambala 8, ndipo oweruza anawerama kupenya ngati mzere wapotoka.

M'mzinda wa Oslo munabadwa mwana wamkazi caka ca 1912, dzina lace Sonja Henie. Caka ca 1924, ali ndi zaka 11 zokha, anamuka ku Chamonix, m'dziko la France, ku masewera akuru a Olympic. Akazi opikisana analipo 8, ndipo iye ndiye anatsiriza. Posewera anapatuka kangapo kukafunsa mphunzitsi wace cimene ayenera kucita, anthu onse alikupenya.

Kodi mwanayo anacitanji? Sanataye nsapato zace ai. Anabwera kwao, naphunzirabe. Caka ca 1927 anapambana akazi onse pa mpikisano wa dziko lonse lapansi, napambananso caka ndi caka kufikira 1936, ndiko kunena kakhumi kotsatana. Pa Olympic anapambana katatu: ku St. Moritz mu 1928, ku Lake Placid mu 1932, ndi ku Garmisch-Partenkirchen mu 1936. Palibe mkazi wina wosewera yekha amene anafikapo pamenepo.

Ife tinena kuti cinthu cacikuru m'moyo wa Sonja sindico mphotho zacezo, koma kubwerera kwace atacita manyazi. Pakuti alipo ana ambiri amene, akamva dzina lao liwerengedwa potsiriza mayeso atatha, sabweranso ku sukulu. Mnyamata ati, "Mutu wanga ngwouma," namuka kukawedza ku Chilwa. Mtsikana akhala pakhomo, ndipo posacedwa amkwatitsa asanakhwime. Ana otere sanagonje cifukwa ca masamu. Anagonja cifukwa ca manyazi. Wotsiriza lero ndiye amene sanadziwebe, ndipo mankhwala ace ndiwo kufunsa. Akuru anati, kuona maso a nkhono nkudekha.

Kapena wina adzati, "Atate wace anali wolemera, koma ife ndife osauka." Nzoona ndithu. Wilhelm Henie anali wamalonda wa zikopa zofunda, nakhoza kulipira aphunzitsi abwino. Sitikana kuti mwana wopita ku sukulu ndi njala ali ndi katundu wolemera. Koma cuma sicinaime ndi mwendo umodzi m'malo mwa Sonja, ndipo sicinagwe m'malo mwace. Cimene iye anacita yekha, ndico kudzuka ndi kuyesanso, sicigulidwa m'sitoro.

Komabe tisamtame pa zonse. Caka ca 1936 iye anaceza ndi Hitler, mtsogoleri wankhanza wa Germany, nalandira cithunzi cace. Pamene asilikari a Germany analanda Norway mu 1940, Sonja anali ku America, kumene analemera ndi nchito ya kanema. Ndipo anthu a kwao ambiri anamkwiyira, nati sanaime nao m'masautso ao. Anamwalira caka ca 1969, ndipo kufikira lero anthu akumbukira zonse ziwiri, luso lace ndi colakwa cace.

Cotero, ana inu, tengani kwa iye khama, koma musaiwale kuti luso lopanda kukhulupirika liri ngati nkhokwe yokongola yodzala ndi anankafumbwe. Ukatsiriza pa mayeso, bwera mawa ndi buku lako, nufunse mphunzitsi cimene unalakwa. Ndipo ukadzakhala woyamba, usaiwale anzako otsalira ndi anthu a kwanu.