Mpira ukakana bowo, musathamangire kwa sing'anga

Dzuwa likamalowa mumzinda wa Tete, kutentha kuja kutayamba kuchepa, anthu amatuluka m'nyumba ngati inswa. Ku Matundo, tsidya lino la mtsinje wa Zambezi kwa munthu wochokera ku Zobue, timabala timadzaza. Madalaivala a mathiraki, anyamata a njinga zamoto ndi amalonda ochokera ku Mwanza, ku Dedza ndi ku Angonia, onse amazungulira tebulo la pulu, lomwe eni dziko amalitcha bilhar.

Tsono pamalo otere sipakhalitsa popanda mkangano. Munthu wodziwika kuti ndi katswiri watsala ndi mpira wakuda wokha, bowo lili poonekera. Wawerama, walunjika, wamenya. Mpira uja m'malo mogwera, wapatukira pambali ngati waitanidwa.

"Achimwene, apa pali kanthu. Mwathira chiyani patebulo pano?"

"Ine ndathira chiyani? Ingovomerani kuti dzanja lanu lanjenjemera basi."

Mawu amakula, ena kugwirana pakhosi, ndipo pofika mawa mbiri yawanda kale kuti pamalo akutiakuti pali mankhwala. Makasitomala amasamukira kwina. Mwini tebulo, amene anagulitsa kachewere kapena fodya wa chaka chonse kuti aligule, amatsala akuingitsa ntchentche. Chonsecho mfiti yake ili poyera. Ndi mafuta, thukuta ndi fumbi zimene zamatirira pakhungu la mpira.

Kuti nkhaniyi imveke bwino, nkofunika kuyamba taona masewero ena amene mafuta amawathira dala. Abale amene amadutsa pa Tete popita ku Johannesburg ena anawaonapo m'nyumba zikuluzikulu zamalonda kumeneko. Dzina lake ndi bowling. Munthu amagubuduza chimpira cholemera mpaka makilogalamu 7, chokhala ndi mabowo atatu olowetsamo zala, kuti chikagwetse timitengo 10 tooneka ngati mabotolo. Kanjira kake nkosalala zedi, kotalika mamita 18, ndipo mulifupi mwake ndi mita imodzi ndi pang'ono.

Pakanjira kameneka eni malo amathirapo mafuta. Poyambirira ankatero pofuna kuteteza matabwa kuti asaperepeseke msanga, koma mafutawo anasanduka mbali ya masewero. Sathira ponseponse ayi. Kawirikawiri amanyowetsa mamita pafupifupi 12 oyambirira, nkusiya kumapeto kouma, ndipo pakati amathira ochuluka kuposa m'mbali. Wodziwa kusewera amaponya mpira moupotokola. Uli pamafuta, mpira umangotsetsereka ngati njinga pamatope a mu Januwale. Ukangofika pouma, khungu lake limagwira pansi, mpira nkukhota kukamenya timitengo tija chammbali, komwe ndi kumene timagwa tambiri.

Nchifukwa chake opanga mipira ya bowling akhala akulimbana ndi khungu lake. Kalekale mipira inali yamtengo, kenaka yarabala, kenaka yapulasitiki yosalala imene siikhota kwambiri. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990 kunabwera mipira yokhala ndi timabowo tating'onoting'ono tosaoneka ndi maso. Mipira imeneyi imamwa mafuta ngati mbiya yatsopano ikamamwa madzi, motero imagwira pansi mwamphamvu nkumakhota bwino. Koma pali vuto lake. Timabowo tija tikakhuta mafuta, mpira umafa. Umangopita chowongoka ngati wakale uja.

Ndiye taonani mmene eni ake amausamalira. Asanaponye, amayamba aupukuta ndi kansalu kofewa. Akatha kusewera, amautsuka ndi mankhwala ake ochotsa mafuta. Pakapita nthawi amauviika m'madzi ofunda kapena kuutenthetsa pang'onopang'ono m'makina ake kuti ulavule mafuta amene unamwa. Akafuna kuti ugwire msanga pakanjira konyowa kwambiri amaukwecha ndi sandipepala wake, ndipo akafuna kuti utsetsereke mtunda wautali amausalaza kuti uwale. Mpira wa munthu wotere ukakana kukhota, iye amayamba wayang'ana khungu lake, osati nkhope ya mnzake.

Tikabwerera ku Matundo, phunziro ndi lomwelo, kungoti patebulo la pulu mafuta alibe ntchito iliyonse yabwino. Mipira iwiri yoyera ikagundana, imakhudzana kamphindi kochepa chabe nkusiyana, uliwonse kulowera kwake. Koma ikakhala yomata, imagwirana pang'ono, ndipo mpira woyera uja umakokera unzake kumene iwo ukupita. Kupatuka kwake nkochepa, mwina ngati kukula kwa chala, koma nkokwanira kuphonya bowo. Zimaonekera kwambiri pamene munthu akumenya mofatsa komanso mocheka chammbali, monga mmene katswiri amachitira pampira womaliza. Ngakhale kadontho ka choko kotsalira pampira woyera, kakapezeka penipeni pogundanirana, kamachita zomwezo.

Nanga mafutawo amachokera kuti? Tete ndi kwawo kwa nyama ya mbuzi ndi nsomba ya pende. Munthu amadya kanyenya wake kapena tchipisi, nkupukutira manja pathalauza, kenaka nkugwira mipira yonse poiyala. M'miyezi ya Okutobala ndi Novembala, pamene kutentha kumapitirira madigiri 40, thukuta nalo limathandizira. Pamwamba pa izo pali fumbi la mumsewu, ndipo cha ku Moatize, makilomita pafupifupi 20 kuchokera mumzinda, komwe mgodi waukulu unayamba kutumiza malasha kunja mu 2011, fumbi lake limakhala lakuda. Mafuta amagwira fumbi, mpira nkulinyamula kukalipaka pansalu. Posakhalitsa nsalu imada, imalemera, ndipo fumbi lija limaidya pang'onopang'ono mpaka kubooka.

Mtundu wa mipira nawo uli ndi mbali yake. M'zaka za m'ma 1800 mipira yabwino inkasemedwa kuchokera ku minyanga ya njobvu, ndipo Tete yemweyu anali msika wodziwika wa minyanga. Masiku ano yonse ndi yopangidwa ku fakitale. Yolimba kwambiri ndi monga ya Aramith, yopangidwa ku Belgium, imene imakhala zaka zambiri isanakandike. Yotsika mtengo siichedwa kuchita timing'alu ndi mikwingwirima, ndipo m'menemo ndi mmene litsiro limabisala. Wogula tebulo afunse za mipira yake, asamangoona kuwala kwa penti.

Chisamaliro chake sichilira ndalama zambiri. Madzulo aliwonse potseka, mipira ipukutidwe umodziumodzi ndi kansalu kouma kofewa. Kamodzi pa sabata itsukidwe m'madzi ofunda okhala ndi sopo pang'ono, itsukuluzidwe, ndipo iume bwinobwino isanabwerere patebulo. Madzi owira ndi mankhwala oyeretsera zovala asayandikire. Pali ena amapaka mipira polishi wapansi kapena mafuta odzola kuti iwale makasitomala akopeke. Uku nkudzigwetsera tsoka, chifukwa nsonga ya ndodo imaterereka pampira wotere, ndipo mafutawo amathera pansalu.

Nsalu nayo isesedwe ndi bulashi yofewa, osati tsache la pabwalo, ndipo kusesa kwake kulowere mbali imodzi, kuchokera kumene amayambira masewero kupita uko kumene amayala mipira. Choko chipakidwe pandodo munthu ataima pambali, osati pamwamba pa tebulo. Paudala wa m'manja asamwazikire pansalu. Botolo, mbale ndi matako zisakhale pamphepete. Tebulo likhale pamthunzi chifukwa dzuwa limaumitsa rabala wa m'mbali, mpira nkusiya kudumpha. Usiku lifundidwe, ngakhale ndi chitenje chakale. Ndipo kamodzikamodzi mwini wake abwereke levulo kwa mmisiri womanga nyumba, aone ngati mwendo wina sunatitimire, pakuti tebulo lopendama nalo lanamiziritsa anthu ambiri osalakwa.

Chinthu china chaching'ono koma champhamvu ndi beseni la madzi, sopo ndi kathaulo pafupi ndi tebulo. Pakudya nsima palibe amene amakhumudwa akauzidwa kuti asambe m'manja. Chomwecho wodya kanyenya asakwiye akapemphedwa kusamba asanagwire mipira.

Matebulo amenewa sali ku Tete kokha. Afika kale m'misika ya m'malire, ndipo ambiri mwa eni ake amadyetsa ana ndi kulipira sukulu ndi timakobidi tomwe timagwera m'menemo. Nsalu ikang'ambika kapena mbiri ya malo ikaipa, ndiye kuti mphika wapita pamoto wopanda ndiwo. Akuluakulu anati wakutsina khutu ndi mnansi. Choncho tsiku lina mpira wakuda ukadzapatuka bowo lili poonekera, katswiri asadzathamangire kugwira mnzake pakhosi. Adzayambe wautola mpirawo, aupukute pamalaya oyera, aone chimene chitsalirepo.